Mlandu wa Kuntchito Umaola: Mkhristu Asangoti “Ndasiyira Mulungu”



Pali mawu amene timawamva kawirikawiri munthu akachotsedwa ntchito mosayenera, kapena akagwira miyezi itatu osalandira kanthu: “Palibe kanthu, ndasiyira Mulungu.” Omva timagwedeza mitu, wina n'kuwonjezera kuti woweruza ndi Chauta yekha, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawuwa amamveka achikhristu, ndipo nthawi zina amachokeradi mumtima wokhulupirira. Koma kawirikawiri m'kati mwake mumabisala mantha, kapena kusadziwa kumene munthu angakagogode. Sabata ino ndikufuna kunena chinthu chimodzi. Mkhristu wochitiridwa zosalungama kuntchito sachimwa akapita kukadandaula ku ofesi ya zantchito kapena kukhoti, ndipo mpingo umene umangomutonthoza osamulozera njira ya kumeneko sunatsirize udindo wake.

Kuno ku Ntcheu tilibe mafakitale ngati a ku Kanengo kapena ku Makata, choncho ena amaganiza kuti malamulo a ntchito ndi nkhani ya anthu a m'tauni. Tayang'anani bwino. Pali alonda ogonera panja pa boma, atsikana ogulitsa m'mashopu ndi m'malesitilanti, anyamata othira mafuta m'galimoto mumsewu wa M1, aphunzitsi a sukulu zapulayiveti, ogwira ntchito pa zigayo, osenza matumba a kachewere ndi kabichi pa Lizulu ndi pa Tsangano, abusa a ng'ombe m'chigwa cha Bwanje. Koposa onsewa, pali alongo athu amene timawakweza minibasi kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre kukagwira ntchito za m'nyumba. Ambiri mwa iwo sanasainepo pepala lililonse. Tsiku lina bwana amadzuka atakwiya n'kunena kuti mawa usabwerenso, ndipo munthu amanyamula jumbo lake kubwerera kumudzi ngati palibe chachitika.

Tiyambe ndi zimene Eklezia amaphunzitsa, popeza chimene chimatimanga miyendo ambiri a ife ndi chikumbumtima. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 1867, amatchula machimo ochepa amene amalira mpaka kumwamba, ndipo limodzi mwa iwo ndi kumana wantchito malipiro ake. Tchimoli laikidwa m'gulu limodzi ndi magazi a Abele. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 24, chinalamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa moyo wake wadalira pamenepo. Yakobe Woyera, m'mutu 5 wa kalata yake, amachenjeza olemera kuti malipiro a okolola amene iwo anawabisa akufuula ndipo Mulungu wamva. Ngati malipirowo akufuula okha, mwini wake akhalirenji chete?

Pa 15 Meyi 1891 Papa Leo XIII analemba kalata yotchedwa Rerum Novarum yonena za moyo wa anthu apantchito. Ife a ku Ntcheu timanyadira kuti ansembe a chipani cha Montfort anakhazikitsa mishoni ku Nzama mu 1901. Tizikumbukira kuti chikhulupiriro chimene anabwera nachocho chinali kale ndi chiphunzitso chimenechi kwa zaka 10. M'kalatamo muli mfundo imene imagwetsa chodzikanira cha mabwana ambiri, chija chakuti “koma tinagwirizana, iye anavomera yekha.” Papa anafotokoza kuti munthu akavomera malipiro ochepa chifukwa cha njala kapena mantha, kuvomerako sikuyeretsa mgwirizanowo, wangokakamizidwa basi. Katekisimu amabwereza zomwezo pa nambala 2434. Ndipo mu 1981 Papa Yohane Paulo II, yemwe uja anadzatichezera kuno ku Malawi mu 1989, analemba Laborem Exercens, kutsindika kuti munthu wogwira ntchito ndi wofunika kuposa chuma chimene ntchitoyo imabala.

Wina anena kuti: zonsezi ndi zoona, koma kodi Paulo Woyera sanadzudzule Akorinto chifukwa chotengerana kumakhoti? Anawadzudzuladi, m'mutu 6 wa kalata yoyamba. Koma tiwerenge mutu wonse. Chimene chinamupweteka n'chakuti pakati pa akhristu panalibe ndi mmodzi yemwe wanzeru woti aweruze abale, ndiponso kuti akhristuwo ndiwo ankabera anzawo. Chidzudzulocho chikugwera mpingo wolephera kukonza zinthu ndi wolakwa wosalapa, osati kumangitsa pakamwa wolakwiridwa. Paulo yemweyo ankadziwa malamulo a dziko ndipo ankawagwiritsa ntchito mosanyinyirika. Ku Filipi, atakwapulidwa ndi kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, anakana kutulutsidwa mobisa, nafuna kuti akuluakulu abwere okha kudzamutulutsa. Ku Yerusalemu, atamangidwa kuti akwapulidwe, anafunsa ngati n'kololedwa kutero kwa nzika ya Roma. Pamaso pa Fesito anachita apilo kwa Kaisara. Zonsezi zili m'buku la Ntchito za Atumwi, mitu 16, 22 ndi 25. Ambuye Yesu nawo, pofuna kutiphunzitsa kupemphera kosatopa pa Luka 18, sanasankhe chitsanzo cha mayi wokhala pakhonde atagwira tsaya. Anasankha mayi wamasiye wopita kwa woweruza mobwerezabwereza mpaka mlandu wake utamveka.

Kukhululuka ndi kufuna chilungamo sizitsutsana. Kukhululuka kumachotsa chidani ndi mtima wobwezera. Sikusandutsa ngongole kukhala mphatso. Mungathe kumupempherera bwana wanu pa Misa ya m'mawa, n'kupita kukamudandaulira ku leba masana, mtima uli mbee. Ndipo pali chifukwa china chimene sitichiganizira. Inu mukachoka mwakachetechete, malo anu amalowa mwana wa mnzanu, ndipo bwanayo waphunzira kuti kuchita zimenezi kulibe mtengo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, anatero akuluakulu.

Malamulo amene ndikunenawa sanagwe kumwamba, ndipo Eklezia ali ndi dzanja pa kubadwa kwake. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya Lenti ya maepiskopi athu. Timaikumbukira chifukwa cha ndale, koma inanenanso za kusiyana kwa olemera ndi osauka ndi za malipiro osakwanira a anthu apantchito. Maepiskopi anaopsezedwa, Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Mu Epulo, Chakufwa Chihana, yemwe anali mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, anamangidwa atangotera pa bwalo la ndege ku Lilongwe. Mu Meyi ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, kunyanyalako kunafalikira, ndipo anthu ambiri anaphedwa pa zipolowe zimene zinatsatira. Kunabwera riferendamu ya 1993, kenako malamulo aakulu a dziko a 1994, amene pa gawo 31 amati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito motetezeka, kuchitiridwa mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Pa maziko amenewo panamangidwa Labour Relations Act ya 1996 ndi Employment Act ya 2000. Anthu anakhetsa magazi kuti malamulowa akhalepo. N'zomvetsa chisoni kuona adzukulu awo akuopa ngakhale kufunsa kuti ofesi yake ili kuti.

Nanga lamulo likuti chiyani? Choyamba, ndipo ichi chimadabwitsa ambiri: mgwirizano wa pakamwa ndi mgwirizano ndithu. Employment Act imazindikira wantchito kaya analemberana pepala ndi bwana kaya anangopangana pakamwa. Mlonda, wa pa chigayo ndi mtsikana wa ntchito za m'nyumba onse ali pansi pa lamuloli. Amene lamuloli silikuwakhudza ndi asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, omwe ali ndi malamulo awoawo.

Chachiwiri ndi mtima wa nkhani yonse, gawo 57. Bwana sangachotse munthu ntchito popanda chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe lake, kulephera kwake kugwira ntchito, kapena mavuto enieni a kayendetsedwe ka bizinesi. Ndipo ngati chifukwacho chili khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, munthuyo ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza asanachotsedwe. Mabwana ambiri amagwa pamenepa. Ndalama zasowa mu shopu, mtsikana wathamangitsidwa tsiku lomwelo, osafunsidwa ngakhale funso limodzi. Komatu ngakhale Mulungu, amene anadziwa zonse, anayamba wamufunsa Adamu asanapereke chigamulo. Kwathu kuno nyakwawa siweruza mlandu itangomva mbali imodzi. Lamulo langotenga nzeru yomweyo n'kuiika pa pepala. Gawo 61 limawonjezera kuti pa mlandu wotere, amene ali ndi udindo wotsimikizira chifukwa chochotsera munthu ndi bwana, osati wochotsedwayo. Bwana akalephera kupereka chifukwa, lamulo limatenga kuti kuchotsako kunali kosalungama.

Pali zifukwa zimene lamulo linazikaniratu: mtundu wa munthu, chipembedzo, chilankhulo, kukhala mwamuna kapena mkazi, maganizo a ndale, ulumali, kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda, kukhala membala wa bungwe la anthu apantchito, ngakhalenso kukadandaula za bwanayo. Kuchotsa mayi chifukwa ali ndi pakati ndi mlandu. Mu 2005 khoti la Industrial Relations Court linagamula nkhani ya munthu amene anapita yekha kukayezetsa magazi, napezeka ndi HIV, ndipo atangodziwika anachotsedwa ntchito popanda kumvedwa. Khoti linati kumeneko kunali kusankhana kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Nthawi imeneyo mankhwala otalikitsa moyo anali atangoyamba kufika kwa anthu wamba ndipo kusalana kunali kwakukulu. Wodandaulayo akadangoti wasiyira Mulungu, chigamulo chimene chatchinjiriza ena ambiri sichikadakhalapo.

Zina ndingozidutsa mofulumira. Wolandira malipiro pamwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi, kapena ndalama za mweziwo m'malo mwake, pokhapokha ngati wachita cholakwa chachikulu. Maola a ntchito pa sabata asapitirire 48. Opitirira pamenepo ndi ovataimu, yolipidwa kamodzi ndi theka pa tsiku wamba, ndi kawiri pa tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pachaka, wogwira masiku 5 ali ndi 15. Mayi woyembekezera ali ndi masabata osachepera 8 a tchuthi cholipidwa kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kusintha kwa lamulo kwa 2021 kunapatsa abambo masabata awiri mwana akabadwa. Kusintha komweko kunathetsa utenanti wa m'maesiteti a fodya, nkhondo imene bungwe la Centre for Social Concern la ansembe a White Fathers ku Lilongwe linamenya nawo zaka zambiri. Boma limaikanso malipiro otsikitsitsa: mu 2024 anali K90,000 pamwezi kwa ogwira ntchito wamba ndi K52,000 kwa a m'nyumba, ndipo mu 2025 a ogwira ntchito wamba anakwezedwa kufika K126,000. Ziwerengerozi zimasintha, ndipo ku ofesi ya zantchito amakuuzani zatsopano. Wovulala pa ntchito ali ndi lamulo lakelake, Workers' Compensation Act ya 2000, ndipo nkhani yake imayambiranso ku ofesi yomweyo.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene abale athu amataya milandu yabwino. Makolo athu ankati mlandu suola. Kubwalo la mfumu zimenezo ndi zoona, koma mlandu wa kuntchito umaola. Gawo 62 limapatsa munthu wochotsedwa mosalungama miyezi itatu, kuyambira tsiku lochotsedwa, yoti akadandaule kwa mkulu wa zantchito wa m'boma. Miyezi itatu ndi kanthawi kochepa. Mwezi woyamba umatha ndi kukhumudwa ndi manyazi. Wachiwiri umatha ndi malonjezo a bwana akuti bwera Lachisanu, bwera mwezi ukatha, ndalama zikalowa ndikuimbira. Wachitatu ukamatha mvula yagwa, munthu ali kumunda. Akamadzadzidzimuka, mboni zabalalika, mameseji anafufutika ndi foni imene anagulitsa, ndipo ayenera kuyamba ndi kufotokoza chifukwa chimene anachedwera asanafike pa dandaulo lenilenilo. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Njira yake ndi iyi. Yambani ndi bwana mwini, mwaulemu, makamaka polemba kalata yaifupi yokhala ndi deti, inu n'kusunga kope lake. Zikakanika tengani mboni, mwina wapampando wa mphakati kapena wa komiti ya Chilungamo ndi Mtendere. Dongosolo limeneli ndi lomwe Ambuye anatipatsa pa Mateyo 18: awiri nokha, kenako ndi mboni, kenako ku gulu. Koma musalole masitepe awiriwa adye miyezi yanu. Zikapanda kutheka m'masabata ochepa, pitani ku ofesi ya zantchito pa boma, kuja timangoti ku leba. Simufunika loya kumeneko. Ofesala amalemba dandaulo lanu, amaitana bwana, amawerengera zimene mukuyenera kulandira ndi kuyesa kukuyanjanitsani. Milandu yambiri imathera pamenepo, chifukwa bwana amene ankalankhula mokweza pa shopu amafewa akaona kalata ya boma. Nkhani ikapanda kutha pa mwezi umodzi, ingathe kupita ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya ntchito, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Khotili linakonzedwa kuti munthu wamba athe kudziimira yekha kapena kuthandizidwa ndi bungwe lake la anthu apantchito. Wofuna loya koma alibe ndalama angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziimira osauka. Wogwira ntchito m'boma kapena m'mabungwe a boma alinso ndi khomo la Ombudsman.

Mlandu umayenda ndi umboni, ndipo umboni umasonkhanitsidwa zinthu zikadali bwino. Nkhanga zidapangana kusanapse. Mnyamata kapena mtsikana aliyense woyamba ntchito agule kope, alembemo tsiku loyamba ntchito, malipiro amene anapangana, tsiku lililonse limene walandira ndi kuchuluka kwake, masiku amene wagwira mpaka usiku kapena Lamulungu, ndi ndalama iliyonse imene yadulidwa. Asunge mapepala a malipiro, mameseji a Airtel Money kapena Mpamba, yunifomu, chiphaso cha kuntchito. Kopelo alisunge kunyumba, osati kuntchito. Ndipo chenjezo lalikulu: musasaine pepala limene simunaliwerenge kapena simunalimvetse. Njira yodziwika ya mabwana ochenjera ndi kukuuzani kuti mulembe kalata yosiya ntchito nokha “kuti mbiri yanu isaipe”, kapena kusainira kuti mwalandira zonse pamene mwangopatsidwa ya thiransipoti. Pemphani kuti mupite nalo pepalalo kunyumba. Akakana, kukanako kukuuzani zambiri. Lamulo limazindikira munthu amene wakakamizika kusiya ntchito chifukwa cha nkhanza za bwana ngati wochotsedwa, koma kutsimikizira zimenezi n'kovuta kuposa kungokana kusaina.

Sindikufuna kukunamizani kuti njirayi ndi yosalala. Ofesi za zantchito m'maboma zimavutika ndi kuchepa kwa antchito ndi mayendedwe. Milandu kukhoti imatha kutenga zaka. Munthu wa ku Kasinje kapena ku Tsangano ayenera kupeza ya basi kupita pa boma, mwinanso mpaka ku Lilongwe kapena ku Blantyre, nthawi imene alibe malipiro, ndipo akhoza kufika n'kumva kuti mlandu waimitsidwa. Chipukutamisozi chimene lamulo limaika ngati poyambira n'chochepanso, ndipo pa maganizo anga n'chochepa mopitirira: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa wogwira zaka zosapitirira 5, masabata awiri kwa wa zaka zopitirira 5 mpaka 10, masabata atatu mpaka zaka 15, ndi mwezi umodzi pa chaka kwa woposa pamenepo, ngakhale khoti lingathe kupereka zochulukirapo likaona kuti n'koyenera. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Mlonda wagwira zaka 4 nachotsedwa mosalungama popanda notisi. Chipukutamisozi ndi masabata osachepera 4. Ndalama zolekanirana, zija amati severance, ndi masabata awiri pa chaka chilichonse, ndiye kuti masabata 8. Notisi ndi mwezi umodzi. Zonse pamodzi ndi pafupifupi malipiro a miyezi inayi, tisanawerengere masiku a tchuthi amene sanapite ndi ovataimu ya zaka zonsezo. Kwa banja la kumudzi zimenezo ndi feteleza, fizi ya mwana wa ku sekondale ndi mpamba wa kageni. N'zimene timasiya m'thumba la munthu wina tikamati tasiyira Mulungu.

Pali nkhanza ina imene sitiikamba pa mphakati chifukwa cha manyazi: bwana kapena kapitawo wofuna kugona ndi mtsikana kuti amulembe ntchito, amukweze, kapena asamuchotse. Gender Equality Act ya 2013 imati umenewu ndi mlandu, ndipo chilango chake chingafike K1,000,000 ndi zaka 5 m'ndende. Nkhani yotere ingapite ku polisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndi ku Malawi Human Rights Commission. Wina angaganize kuti mkazi wosauka sangalimbane ndi anthu a ndalama. Amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya Eastern Produce ku Mulanje ndi Thyolo anatengera madandaulo awo a nkhanza zotere ku khoti la ku London kudzera mwa maloya a Leigh Day, ndipo mu 2021 kampani ya Camellia, mwini wa mindayo, inavomera kuthetsa nkhaniyo polipira ndalama ndi kukhazikitsa njira zotetezera amayi, ngakhale sinavomere kulakwa. Anali amayi othyola tiyi, osasiyana ndi amayi athu a ku dimba. Mtsikana akatiuza zoterezi, funso loyamba lisakhale lakuti unavala chiyani.

Tsopano nditembenukire kwa ife tomwe, pakuti mabwana amene ndikuwanenawa sachokera kutali. Lamulungu timakhala nawo pa benchi imodzi, ndipo ena ndife eni ake. Mphunzitsi, namwino, wabizinesi wa pa msika, ngakhale wachinyamata amene wangoyamba kulandira, ambiri tili ndi wina wotichapira, wotilerera mwana kapena wotilondera. Mawu amene timabisalamo ndi akuti “timamusunga ngati mwana wathu.” Ngati ndi mwana wathu, bwanji anzake ali ku sukulu iye ali pa mtondo? Bwanji amadzuka woyamba ndi kugona womaliza, osapuma ngakhale tsiku la Ambuye, ife tili ku kwaya? Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yowononga thanzi kapena maphunziro ake. Kamnyamata koweta ng'ombe chaka chonse polonjezedwa thole limene silibwera kali m'gulu lomwelo. Yakobe wa m'buku la Genesis anaweta ziweto za Labani, malume ake enieni, ndipo anadandaula kuti malipiro ake anasinthidwa kakhumi. Chibale sichinalepheretse chinyengo, chinangochiphimba.

Ndinene mwaulemu kuti nawonso mabungwe a mpingo, kaya sukulu, zipatala, zigayo kapena maparishi, ali olemba ntchito pamaso pa lamulo. Wophika, mlonda ndi wosesa sadya madalitso okha. Kudzipereka mwaufulu n'kwabwino ndipo mpingo umayenda ndi kumeneko, koma munthu amene timamuyembekezera tsiku ndi tsiku pa ola loikika, n'kumukalipira akachedwa, ameneyo ndi wantchito, ndipo ayenera kalata, malipiro oyenera, tchuthi, ndi penshoni pamene lamulo likutero. Pa penshoni, bwana amaika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Kudula gawo la wantchito osalipereka kumene liyenera kupita ndi kuba, kaya wochitayo avale kolona m'khosi. Mpingo umene unalemba kalata ya 1992 uyenera kukhala woyamba kutsatira malamulo amene kalatayo inathandiza kubala.

Sindikuti wantchito aliyense wochotsedwa ndi wosalakwa. Alipo oba, ojomba, obwera ataledzera, ndipo lamulo limalola kuwachotsa, ngakhale popanda notisi cholakwacho chikakula. Mkhristu wopita ku leba apite ndi choonadi, osawonjezera zaka zimene sanagwire kapena kubisa zimene anachita. Bwana wolungama alibe chifukwa choopera lamuloli. Limangomupempha kuti amve kaye, alembe, ndi kulipira zoyenera.

Nanga ife achinyamata tichitepo chiyani? Wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn, anayambitsa gulu la Young Christian Workers, lomwe linavomerezedwa mu 1925 ndipo lilipo m'maparishi ambiri a kuno ku Malawi. Njira yake ndi masitepe atatu: kuona, kuweruza mounikiridwa ndi Uthenga Wabwino, ndi kuchitapo kanthu. Ife timachita bwino pa awiri oyambawo. Timaona, timakambirana, timatseka ndi pemphero, n'kubalalika. Pempho langa kwa atsogoleri a achinyamata ndi komiti ya Chilungamo ndi Mtendere, mogwirizana ndi Bambo Mfumu, ndi lakuti tilembere kalata ofesi ya zantchito pa boma, kupempha ofesala mmodzi adzatiyankhule Lamulungu lina Misa ikatha, olemba ntchito ndi olembedwa tili pamodzi. Tsiku loyenera lingakhale loyandikira 1 Meyi, chikondwerero cha Yosefe Woyera Mmisiri chimene Papa Pius XII anakhazikitsa mu 1955, koma tisadikire mpaka pamenepo ngati mpata ulipo. Kuchokera apo, mphakati uliwonse usankhe achinyamata awiri odziwa kulemba bwino, ntchito yawo ikhale kuthandiza wodandaula kulemba kalata, kuwerengera masiku ake, ndi kumuperekeza ku ofesi, chifukwa ambiri chimene chimawalepheretsa ndi kuopa kulowa okha pa khomo la boma. Pa zopereka zathu za zachifundo tipatuleko kathumba ka thiransipoti ya anthu otere. Ndipo mtsikana aliyense wa m'mphakati mwathu asanakwere minibasi kupita ku ntchito ya m'nyumba m'tauni, tidziwe dzina ndi foni ya kumene akupita, malipiro amene alonjezedwa, ndi parishi yoyandikana nako, kenako timupatse kope lija m'manja.

Ngati mukudziwa wina amene anachotsedwa ntchito mwezi watha kapena wadzana, musadikire msonkhano umenewo. Mufunseni lero deti limene anachotsedwa, muwerengere limodzi masiku amene atsala pa miyezi itatu ija, ndipo Lolemba mumuperekeze pa boma.